Mlatho Wolola Anthu Khumi Okha

Ndiloleni ndikusimbireni za mlatho wina umene ndinawoloka ndikadali pa ntchito ya boma, atanditumiza ku maphunziro a miyezi yochepa ku Japan.

M'mapiri a chigawo cha Shizuoka, m'chigwa cha Sumatakyo, muli mlatho wotchedwa Yume no Tsuribashi, kutanthauza mlatho wolenjekeka wa maloto. Unapachikidwa pa zingwe zachitsulo pamwamba pa madzi a damu la Oma. Kutalika kwake ndi mamita 90, ndipo madzi ali mamita 8 pansi pake. Popondapo ndi matabwa awiri okha ogundizana, moti ukaweramitsa maso umaona madzi obiriwira uku ndi uku. Lamulo lake n'lakuti pasakwere anthu oposa 10 nthawi imodzi.

Ine, posafuna kuti anzanga aone mantha anga, ndinayenda mothamanga, ndikuponda mwamphamvu kuti ndifike msanga tsidya linalo. Ndili pakati ndinacheuka. Mayi ena achikulire amene ankanditsatira anali ataima njo, atagwiritsa chingwe ndi manja awiri, miyendo ikunjenjemera. Mlatho wotere suli ngati wa simenti: phazi la mmodzi likagunda thabwa, kugwedezekako kumayenda m'zingwe mpaka kufika kwa onse. Amene ankawagwedeza mayiwo ndinali ine. Chilankhulo chawo sindinkachidziwa, choncho kupepesa kwanga kunali kuima chilili mpaka mlatho unadekha, iwo n'kuyambanso kuyenda.

Papita zaka zambiri, koma mayi aja ndawakumbukira mwezi uno. Pa msonkhano wa banja wokambirana za munda umene anatisiyira malemu bambo athu, ndinalankhula mokalipa, ndikudzinyenga kuti ndikungonena chilungamo. M'mawa mwake ndinamva kuti mlongo wanga sanagone tulo, ndipo ana athu ayamba kulambalalana panjira. Ndinazindikira kuti ndapondanso mwamphamvu, ndipo monga kale paja, anali mantha: ndinkaopa kuoneka wogonja pamaso pa ang'ono anga. Loweruka lapitali ndinapita kwa mlongo wangayo kukapepesa. Za munda sitinathe, koma tinadyera limodzi nsima.

Inu amene mukuwerenga, makamaka akuluakulu anzanga amene mawu athu amalemera pabwalo, pa mlatho wa banja simuli nokha. Musanaponde, cheukani muone amene ali kumbuyo kwanu. Mukapeza wagwira chingwe, imani kaye.

Mukhale ndi sabata yamtendere.