Ku Hatton Garden, tcheni imayamba yakwera sikelo

Ukatsika sitima pa Farringdon mumzinda wa London n'kuyenda mphindi zochepa, umafika mumsewu wotchedwa Hatton Garden. Ndi msewu wosatalika, koma uku ndi uku ndi mashopu a golide ndi dayamondi, mawindo ali waliwali ngakhale kunja kuli mitambo. Pamakomo pamaima alonda, ndipo kwina umayamba waliza belu asanakutsegulire. Mantha awo ndi omveka. Mu Epulo 2015, pa Isitala, akuba, ambiri mwa iwo madala okalamba ndithu, anaboola khoma la konkire la chipinda chapansi chosungiramo chuma mumsewu womwewu.

Malowa anatchuka ndi mphete za ukwati, koma lero pambali pa mphetezo mupezanso zilembo zolendewera pa tcheni, zodzaza timiyala tonyezimira, zija timaziona pakhosi pa oimba hip hop pa YouTube. Achinyamata a ku Lilongwe ndi Blantyre mukuzidziwa bwino.

Ine ndinali ndi M m'thumba. Msuweni wanga wa ku Leicester anabwereketsa mnzake mapaundi 600, ndalama ya fizi ya mlongo wake kumudzi, ndipo mnzakeyo anasiya chilembochi ngati chikole, akulumbira kuti anachigula 2,000. Panali patatha miyezi inayi, foni osayankha.

Ndinakwera masitepe opanikiza kufika m'kachipinda ka bambo wina wachikulire amene amagula golide wakale. Kunyezimira konse kuja sanakulabadire. Anachitembenuza chilembocho n'kuyamba kufufuza kumbuyo ndi kagalasi kokulitsa zinthu ka 10.

Ankafuna chidindo. Ku Britain lamulo la 1973 limati chinthu cha golide cholemera kuposa galamu imodzi chisagulitsidwe ngati golide chisanayesedwe ndi kudindidwa ku ofesi yoyesa zitsulo. Chidindo cha ofesi ya London ndi mutu wa nyalugwe, ndipo pambali pake pamakhala nambala: 375 kutanthauza makarati 9, 585 makarati 14, 750 makarati 18. Nambalayi ikunena magawo a golide weniweni pa magawo 1,000 aliwonse. Mukaona 925, ameneyo ndi siliva, ngakhale atamukuta ndi chikasu chokongola bwanji.

M wathu analibe nyalugwe. Anangolembedwa kuti 14K.

"Izi aliyense angadinde kunyumba kwake," anatero bambowo, n'kuchiika m'makina oyesera. Mwamwayi golide anali weniweni. Koma pasikelo chinangolemera magalamu 8, chifukwa m'kati chinali chamgwagwa. Anachotsapo galamu imodzi ya miyala, zotsalazo anachulukitsa ndi 0.585. Golide weniweni anangopitirira pang'ono magalamu 4.

Nkhani inakula pa miyala. Mavidiyo a pa TikTok aja, munthu akugunditsa kachipangizo pamwala n'kulira kuti tiii, musamawakhulupirire msanga. Tizipangizo totchipato timayesa mmene mwala umadutsitsira kutentha. Cubic zirconia amagwidwa, koma moissanite, mwala wopangidwa m'fakitale, amaliza kachipangizoko ngati dayamondi. Pamafunika china choyesa magetsi, kapena diso lozolowera: ukamuyang'ana chopendeketsa pagalasi, m'mphepete mwa moissanite mumaoneka mizere iwiriiwiri. Mawu akuti VVS omwe ogulitsa amakonda kufuula amangonena kuti mwalawo ulibe zilema zambiri m'kati, sanena kuti ndi mwala wanji. Yathu yonse inali moissanite.

Ndinafunsa kuti akanakhala madayamondi zikanatha bwanji. Anapukusa mutu. Karati imodzi ya mwala ndi magalamu 0.2, koma timiyala 100 tokwana karati imodzi sitiyandikira n'komwe mtengo wa mwala umodzi wa karati imodzi. Ndalama yambiri pa chilembo chatsopano imapita kwa mmisiri amene anakhazika timiyalato kamodzikamodzi, ndipo pogulitsanso ndalama imeneyo sibwerera. Madayamondi a mu labotale nawonso agwetsa mitengo kwambiri zaka zaposachedwapa.

Chimene chinandigwira mtima ndi chosavuta kumva. Mphete kapena tcheni angagule aliyense, koma M angagule ndi Mphatso, Madalitso kapena Memory basi. Chisomo sangachiyang'ane. N'chifukwa chake ogula ambiri amangowerengera golide wokasungunula. Komanso zilembo sizilemera mofanana: a Innocent, I wanu amadya golide wochepa kuposa W wa Wongani.

Mtengo umene anatchula sunafike pa 600 paja. Ndinaulemba pakapepala kuti ndikamuuze msuweni madzulo, akaweruka kuntchito. Ndisanatuluke, bambowo anakoka kabati ya pansi pa sikelo n'kundionetsa thireyi yodzaza zilembo: ma J, ma S, K wopindika, A wothothoka miyala. Zonse zinali kudikira tsiku lopita kong'anjo.