Kusiyirana Ana m'Makomboni a Lusaka

Chizolowezi chosiyirana ana, chomwe chinkapepuza amayi apantchito m'makomboni a Lusaka, chikuzilala. Ku Matero ndi ku Chawama, mabwalo ambiri amene kale anali otseguka adatchingidwa ndi mipanda ya njerwa ndi mageti achitsulo. Mphasa yomwe agogo ankayala pansi pa mtengo wa mango n'kumayang'anira ana a mzere wonse wa nyumba siyikuonekanso.

Amene adakulira m'makomboniwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, nthawi ya Kaunda, amakumbukira bwino mmene tsiku linkayendera. Mayi wogwira ntchito ya unamwino kuchipatala cha UTH, kapena wogulitsa ndiwo kumsika wa Soweto, ankalawirira kusanache. Akaphika phala pambaula ankaponya kiyi pakhomo loyandikana nalo, n'kungoti, "Aneba, ana ndasiya," kenaka n'kuthamangira basi ya UBZ. Mwana akaweruka kusukulu ankadya nsima pakhomo lililonse pomwe wapeza mthiko uli m'poto, ndipo akapulupudza ankadzudzulidwa ndi mayi aliyense wamuona. Ufa, shuga kapena mafuta ophikira zikafika m'sitolo za ZCBC ndi NIEC, mayi mmodzi ankaima pamzere kugwirira malo anzake amene ali kuntchito. Mawu akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe ankaonekera m'zochita.

M'nyumba zambiri munkakhalanso mphwake wa mayi kapena msuweni wochokera ku Katete, Petauke kapena Chipata. N'zoona kuti ena mwa atsikanawa sukulu idawadutsa, ndipo katundu ankasowa m'masitolo. Komabe mayi ankagwira ntchito mtima uli m'malo, podziwa kuti ana ake ali m'manja mwa anthu.

Zinthu zidatembenuka chitadutsa chaka cha 1991. Makampani a boma adagulitsidwa, ena adatsekedwa, abambo ambiri n'kuchotsedwa ntchito. Amayi adalowa m'malonda a salaula (zovala zakaunjika) ndi tuntemba (timasitolo ting'onoting'ono), ena a ku Kalingalinga ndi Mtendere n'kumayenda wapansi kukagwira ntchito za m'nyumba ku Kabulonga ndi Woodlands. Edzi idatenga azakhali ndi amalume ambiri, agogo n'kutsala ndi ana amasiye. Lero aneba nawonso amachoka m'mamawa, ndipo anthu a lendi amasamuka asanadziwane n'komwe mayina.

Thandizo lomwe kale linkabwera lokha tsopano limafuna kulipempha, ndipo apa m'pamene amayi ambiri amachita manyazi. Adalangizidwa kuti mkazi weniweni amapirira, choncho amaopa kutchedwa aulesi. Mapeto ake mayi amafika kunyumba kutada, n'kuyamba kutunga madzi, kuchapa mayunifomu ndi kuphika, mpaka thupi kufooka. Kwinako mwana wazaka 8 amatsala ndi khanda pafupi ndi mbaula yoyaka, kapena pafupi ndi madzi amene amadzadza m'misewu ya Kanyama nthawi ya dzinja.

Kugawa ntchito kumayambira m'nyumba. Bambo angathe kupita ndi mwana kusikelo, kumusambitsa ndi kugula makala pobwera kuntchito. Anyamata ayenera kutsuka mbale ndi kusesa chimodzimodzi ndi alongo awo. Ntchito yomwe mayi wapatsa wina aisiye m'manja mwa mwiniyo, ngakhale nsima itatuluka ndi mibulu masiku oyamba, chifukwa akailanda wophunzirayo amagwa mphwayi.

Kuntchito nako kuli zoyenera kupempha. Lamulo la ntchito la Employment Code Act la 2019 limapatsa mayi masabata 14 a tchuthi cha uchembere, ola limodzi patsiku loyamwitsira mwana kwa miyezi 6 chibadwire mwanayo, ndi tsiku limodzi lopuma pamwezi lomwe anthu amalitcha Mother's Day. Bambo naye ali ndi masiku 5 mwana akabadwa.

Chiyambire 2022 maphunziro m'sukulu za boma ndi aulere, choncho mtsikana wochokera kumudzi malo ake ndi m'kalasi, ndipo wolera ana akhale munthu wamkulu wolipidwa moyenera. Amene sangakwanitse kulipira angadalire magulu a chilimba (osonkherana ndalama mosinthana) ndi a amayi akutchalitchi. Amayi amene amakhulupirirana pa ndalama mwezi ndi mwezi angathenso kugwirizana masiku osinthana posunga ana, aliyense n'kudziwiratu tsiku lake.