Giya ya pa batani: kalata yochokera ku Wusakile

Achimwene,

 Ife kuno tilipo, kungoti dzanja lamanzereli silinabwerere mwakale chidwalire chija. Kapu ya tiyi limanyamula, koma sipanala limaitaya.

Ndamva kuti mbiri yafika kumudzi ku Mchinjiko yoti mng'ono wanu wazungulira mutu, akumanga galimoto kuseri kwa nyumba. Zoti ndikumanga ndi zoona. Ndi kagalimoto ka mipando iwiri, chimango chake cha mapaipi achitsulo amene tinawotcherera ndi mkamwini wanga. Nzeruyi si yanga. Ku England, Colin Chapman anatulutsa Lotus Seven mu 1957, ndipo ankaigulitsa zidutswazidutswa kuti wogula akalumikize yekha. Patapita zaka, kampani ya Westfield inayamba kuika injini ya njinga yamoto ya Suzuki Hayabusa m'tigalimoto totere. Ya Hayabusa ife sitingaifikire. Tinapeza ya Honda CBR600 yakale, ya magiya 6.

Mukafunse anyamata a kabaza pa boma paja, akuuzani kuti giya ya njinga salumpha. Yoyamba umapondera pansi, zinazo umakweza ndi phazi imodziimodzi, ndipo nyutulo imabisala pakati pa yoyamba ndi yachiwiri. Injiniyo ikalowa m'galimoto, phazi lamanzere limapita pa kilatchi, ndiye omanga ambiri amaika kachitsulo kokoka ndi dzanja lamanzere. Dzanja lake ndi lomwe landikanali. Choncho mukamva kuti ndikufuna mabatani awiri pa chiwongolero, musati ndi matama a m'tauni.

Njira zinalipo ziwiri, ndipo tinakangana ndi mkamwini mwezi wathunthu. Iye ankafuna ya magetsi: koyilo ya waya imene imakoka kachitsulo magetsi akadutsamo, monga ija ya pa sitata. Anandionetsa pa foni ya Kliktronic ya ku England, imene okwera njinga olumala miyendo amaidalira, ndi ya Pingel ya ku America. Ndi zooneka bwino, zosachulutsa mapaipi. Koma koyilo yotere imamwa magetsi ambiri nthawi imodzi, pamene injini ya njinga imatchaja batire pang'onopang'ono. Ndinamufunsanso funso limodzi limene sanayankhe: ikapsa Lachisanu madzulo, pa msika wa Chisokone ukaipeza pa benchi ya ndani?

Ine mtima unali pa mpweya. Mukudziwa kuti zaka zanga zonse za ufitala mu mgodi ndinakhala ndi mpweya wopanikiza. Makina oboola thanthwe pansi paja amayendera umenewo, ndipo khutu langali limamva pamene ukutayikira ngakhale ena asanazindikire. Zofunika ndi kasilinda kokankha ndi kukoka, mavavu awiri otsegulidwa ndi batani, kathanki ndi kakompuresa. Zonsezi mu Kitwe zimagulidwa pa kauntala, chifukwa tauni ino inamangidwa pa mgodi ndipo ogulitsa zipangizo za mpweya ndi ambiri. Chimene chinandikopa kwenikweni ndi choti mphamvu yake umaichepetsa kapena kuiwonjezera ndi kabawuti kamodzi. M'bokosi la magiya a njinga muli timphanda tosuntha magiya, topangidwira phazi la munthu, ndipo phazi limadziwa kusiya likamva kuti giya yakana. Makina sadziwa zimenezo. Ukawapatsa mphamvu yambiri amapinda timphandato, basi injini yonse muitsegule.

Ndinatsala pang'ono kudzionera ndekha. Tsiku loyamba ndinatsegula mpweya ngati ndili pansi pa mgodi, nditadina batani kunamveka kuti gwa! Mwamwayi chimene chinapindika ndi kachitsulo kakunja kolumikizira. Mkamwini anaseka mpaka kukhala pansi. Tsopano ndinachepetsa, ndipo tinaikanso kabokosi kodula moto wa mapulagi kwa kamphindi kosakwana gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, kuti mano a giya amasuke pokwera. Potsika ndimapondabe kilatchi.

Zovuta ziwiri zatsala. Batani silidziwa theka, limangokankha mpaka kumapeto, ndiye nyutulo limaidumpha. Ndinasiya kachitsulo kakang'ono mbali ya kumanja koti ndiziipezera. Chachiwiri mudzaseka nacho: injini ya njinga ilibe livesi. Anzathu akunja amaika sitata yachiwiri yoti izibweza galimoto. Ine pakadali pano livesi yanga ndi ana a m'komboni muno, malipiro ake masiwiti. Tsiku limene timu ya mpira ya Nkana ikusewera, anthu opita ku bwalo amaima pa mpanda n'kumafunsa mu Chibemba ngati chinthuchi chidzayendadi. Chayenda kale, kawiri, pa msewu wafumbi woyang'anana ndi Black Mountain, ndipo magiya onse 6 ndinawalowetsa ndi chala chachikulu cha kumanja.

Mayi a ana akupereka moni. Mukadzabwera, basi ya ku Chipata ikadzakutulani ku Lusaka mudzaimbe foni tisanayambe kudikira pa siteshoni. Mpando wachiwiriwo ndakusungirani, koma mudzatenge chipewa, galimotoyi ilibe denga.

Ndine mng'ono wanu,
ku Wusakile, Kitwe.