KUONA LUSAKA POPANDA KULIPIRA PAKHOMO

Sukulu zikatsekedwa, mabanja ambiri amabwera ku Lusaka kudzaceza kwa abale. Ana akapempha kuti akaone mzinda, timawatengera ku masitolo akuluakulu, kumene amangosirira zinthu zimene sitingathe kuwagulira. Madzulo amabwerera ndi mitima yowawa, ife ndi matumba opepuka. Komatu mumzinda womwewu muli malo amene mwana angaonemo mbiri ya dziko lake osalipira kanthu pakhomo. Cofunika ndi ndalama ya minibasi, botolo la madzi ndi kamba wa pa ulendo.

Tiyambire pa Independence Avenue, kamtunda pang'ono kucokera pa siteshoni ya mabasi ya Intercity. Pamenepo paima ciboliboli ca ufulu, Freedom Statue, cimene cinaimikidwa mu 1974, dziko litakwanitsa zaka 10 likudzilamulira. Cimaonetsa munthu akudula maunyolo, ndipo cimatikumbutsa za Zanco Mpundu Mutembo wa ku Mbala, mmodzi wa omenyera ufulu. Ana ambiri anaciona pa ndalama za mapepala, koma sadziwa kuti angathe kuima patsinde pake. Pafupi pomwepo pali Lusaka National Museum, imene inatsegulidwa mu 1996. Iyo yokha pa ulendo wathu imalipiritsa, ngakhale kuti ndalama yake ndi yocepa.

Kucokera apo tilowe mu Burma Road, tifike ku Kabwata Cultural Village. Nyumba zozungulira zofolera udzu zimene zili kumeneko sizinamangidwe kuti zikondweretse alendo ai. Boma la atsamunda linazimangira amuna obwera kudzagwira nchito m'tauni, akazi ndi ana atatsala kumudzi. Zambiri zinagwetsedwa, koma zotsalazo zinasungidwa, ndipo lero mumakhala amisiri osema mitengo ndi oluka madengu. Kulowa ndi kwaulere, kugula ndi kufuna kwa munthu. Tiwalowetse ana m'kanyumba kamodzi, aone kucepa kwake, adziwe umo agogo awo anakhalira kuti apeze ndalama ya msonkho.

Dzuwa likafika pamutu tilunjike ku Rhodes Park, ku nyumba ya zithunzi ya Lechwe Trust pa Lagos Road. Bungweli analiyambitsa mu 1986 Cynthia Zukas, Bente Lorenz ndi Henry Tayali, ndi colinga cakuti nchito za amisiri athu zisathere kunja kwa dziko. Tayali anabadwira ku Serenje mu 1943, anakulira ku Bulawayo, naphunzira luso lake ku Makerere mu Uganda ndi ku Düsseldorf mu Germany. Anamwalira mu 1987, asanakwanitse zaka 44. Dzina lake tikalipezanso ku Showgrounds, m'mbali mwa Great East Road, kumene Henry Tayali Gallery imaonetsa zojambula ndi zosema za amisiri a masiku ano. Cenjezo ndi lakuti pa nthawi ya cionetsero ca zaulimi, kumapeto kwa July ndi kuciyambi kwa August, pacipata ca Showgrounds amalipiritsa.

Ngati miyendo ikalipo, titsirizire pa University of Zambia, cakum'mawa pa mseu womwewo. Pamenepo pali The Graduate, ciboliboli ca Tayali ca wophunzira wotsiriza maphunziro. Mwana wa m'giredi 7 akaciona, amabwerera kwao ndi ganizo limene sitolo iliyonse singamugulitse.

M'malo onsewa tisamathamange. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiime pa cithunzi cimodzi, timufunse mwana cimene akuona, ndipo timumvere asanamve zathu. Tiwalangize ana kuti asagwire zinthu ndi manja, apereke moni kwa osunga malowo, ndi kupempha cilolezo asanajambule ndi foni. Tikafika kunyumba, agogo afotokoze zimene iwo anaona ndi maso m'zaka zija, pakuti ciboliboli sicilankhula cokha.