Mary Waya Kapena Mwawi Kumwenda: Katswiri Ndani?

Anyamata amatha nthawi yonse ya buleki akukangana za Messi ndi Ronaldo, anthu oti sadziwa n'komwe kuti kuli dera lotchedwa Phalombe. Ife atsikana tili ndi mkangano wathu, ndipo ndi wa kwathu konkuno: pa mpira wamanja, katswiri ndani pakati pa Mary Waya ndi Mwawi Kumwenda?

Amayi anga ali mbali ya Mary ndipo sasunthika. Sanamuonepo akusewera, ankangomva pa wailesi, koma akayamba kufotokoza ungati analipo pabwalo. Mfundo zawo n'zomveka ndithu. Mary anasewera mpikisano wa dziko lonse ku Birmingham mu 1995, ndipo patatha zaka 12 anali akadali m'timu ku Auckland mu 2007, pomwe ma Queens anathera pa nambala 5. Anasewerera dziko lino masewero oposa 200. Amayi amati, "Mwana iwe, munthu kukhala pamwamba zaka zonsezo si zamasewera ayi."

Ine ndi anzanga tinakula tikumva za Mwawi. Mu 2015 ku Sydney anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse pa mpikisano wa dziko lonse, chonsecho Malawi inathera pa nambala 6. Tangoganizani, kuposa atsikana a Australia omwe anatenga chikhocho! Mu 2018 ku Gold Coast analipo pomwe ma Queens anagonjetsa New Zealand 57 kwa 53. Mu 2020 anatenga ligi ya ku Australia ndi timu ya Melbourne Vixens.

Nanga matimu awo? Ya 2007 inakwera pamwamba kuposa ya 2015. Koma ya 2018 inachita zomwe ya 2007 sinachite, kugwetsa chimphona ngati New Zealand. Apa ndiye mutu umaima.

Vuto lina ndi loti awiriwa ntchito zawo zinali zosiyana. Ine ndimasewera GA m'timu ya pasukulu pano, malo omwe Mary ankasewera kwambiri. GA amathamanga zigawo ziwiri za bwalo, kusaka mpira, kupatsira mnzake, kenako kuponyanso yekha. Mwawi amadziwika ngati GS, yemwe satuluka m'chigawo chake koma akaphonya aliyense amamuloza chala. Kuwerenga zigoli zokha ndiye kumubera GA.

Maganizo anga ndi awa. Pa kuponya mpira m'golo, Mwawi palibe womufika. Koma iye anapeza njira yolambula kale. Mary anasewera zaka zake zamphamvu m'matimu a konkuno, ndipo gulu lake ndi lomwe linachititsa kuti azungu ayambe kufunsa kuti Malawi ili kuti. Wolambula munda ndi wokolola, onse ndi alimi, koma khasu linamupweteka kwambiri woyambayo. Choncho voti yanga ikupita kwa Mary, ngakhale anzanga a Fomu 2 andinena kuti ndine gogo.

Chomwe chikundidandaulitsa n'china. Titha kukangana mpaka dzuwa kulowa kuseri kwa phiri, koma wachitatu adzachokera kuti? Timu yathu ili ndi mpira umodzi, wosokasoka. Tsiku la pulakatisi timapezeka asanu kapena asanu ndi mmodzi, pomwe timu imafuna asanu ndi awiri. Ena amathamangira kunyumba kukatunga madzi, ena kwawo n'kutali, ena makolo anawaletsa ati mpira ndi kutaya nthawi. Enanso ndi manyazi basi, kuopa kusekedwa ndi anyamata. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Mwawi anayamba ndi mpira wa majumbo kumudzi ku Mzimba, fumbi lake ngati lathu lomweli. Ndiye atsikana anzanga, makamaka inu ataliatali a Fomu 1, Lachitatu tikaweruka tipezane kubwalo. Nsapato si nkhani, ambirife timasewera opanda.