Mbira igone pati?

Anzanga oweta mbira, tanyamulani imodzi muiyang'ane kumapazi. Kulibe ubweya, n'kakhungu kofewa chabe. N'chifukwa chake ikamakhala pa waya kapena pa simenti yonyowa, mapazi amatupa n'kuchita zilonda zosapola msanga.

Ambirife timathamangira utuchi kwa akalipentala, poti ndi waulere. Komatu mphuno ya mbira imakhala pansi penipeni, ndiye fumbi lonselo limathera m'mapapo. Wa paini wauwisi ndi wa mkungudza ndiye usayandikire n'komwe. Kafungo timati kabwino kaja n'komwe kamaipweteka. Mukaimva ikuyetsemula pafupipafupi, yambani mwakayikira pogonapo.

Ine ndimakhulupirira udzu wouma, wofewa, womweta kutali ndi minda yopoperedwa mankhwala. Mbira imabisalamo, imafunda womwewo kukazizira mu Juni, n'kumaudyanso, pajatu mano ake sasiya kukula. Pansi pake yalani nyuzipepala zakale zizimwa mkodzo. Makoko a chimanga nawonso amatheka, bola asakhale achuku.

Tsono mbira imakodza, abale! Pakona pomwe yazolowerapo muzichotsapo tsiku lililonse, zonse muzisintha kamodzi pamlungu. Zochotsazo musataye kudzala, zikaola kathireni kudimba, mpiru ukondwe.