Ngolo Zopanda Denga

Pamudzi pamene pali sitolo imodzi yokha, mwini wace sacita kufuula poitana ogula. Mai amene ndiwo zace zili pamoto, mcere utamthera, sangayende ulendo wa tsiku lathunthu kukafuna sitolo yina. Amapita pomwepo, nalipira mtengo umene wauzidwa, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula citseko.

Ambiri amayesa kuti wogulitsa wotere amangochula mtengo uli wonse umene mtima wace wafuna, koma si tero ai. Iyenso ali naco comuopsa, ndico cakuti mtengo ukakwera kopambana anthu amaleka kugula. Cifukwa cace amayamba wawerengera. Mwacitsanzo, iye wagula paketi ya mcere pa K10. Akaigulitsa pa K12, adzagula anthu 100, ndipo phindu lace lidzakhala K200. Akaika K20, adzagula anthu 20 okha, ndipo phindu lidzakhala K200 yomweyo. Koma akaika K15, adzagula anthu 70, iye napindula K350. Tsono mtengo umene adzasankha ndi K15. Anthu 30 amene akadagula pa K12 adzadya ndiwo zopanda mcere, cikhalireco mcerewo uli wodzaza m'matumba kuseri kwa sitolo. Mwini sitolo sadana nao anthu amenewa. Cimene akukana ndi kutsitsa mtengo, popeza akatsitsira iwowa ayenera kutsitsira onse.

Pamenepo wamalonda wocenjera amafuna njira yolandirira ndarama za osauka popanda kutsitsira olemera mtengo. Njira yace ndiyo kugawa katundu pawiri kapena patatu, wina wabwino ndi wina wonyozeka. Zimenezi zinaoneka poyera pamene njanji zinali zatsopano ku Ulaya.

Masiku amenewo, kawirikawiri pakati pa mizinda iwiri panali njanji ya kampani imodzi yokha. Anthu a kalasi yoyamba anali kukhala pa mipando yofewa m'ngolo zotsekeka bwino, koma a kalasi yacitatu anali kukwera ngolo zopanda denga, zina zopanda ndi mipando yomwe. Anali kubvumbwa ndi mvula, ndipo utsi ndi mwaye wa injini zinali kuwalowa m'maso.

Mu 1849 injiniya wina wa ku France, dzina lace Jules Dupuit, analongosola gwero la nkhanza imeneyi. Iye anaonetsa kuti makampani sanali kusowa ndarama zoikira denga, pakuti zinali zocepa. Mantha ao anali akuti ngolo zochipa zikakoma, munthu wokhoza kulipira kalasi yaciwiri adzatsikira ku yacitatu. Motero wosauka anali kusautsidwa dala, kuti wa ndarama aone, aope, alipire zambiri.

Ku Britain zinthu ziwiri zinacepetsa mabvuto amenewa. Coyamba cinali lamulo. Mu 1844, mwa khama la William Gladstone, nyumba ya malamulo inalamula kuti makampani a njanji aziyendetsa tsiku ndi tsiku sitima imodzi yopita ndi imodzi yobwera, yoima pa siteshoni iri yonse, yokhala ndi mipando ndi cochinga mvula, pa mtengo wosaposa peni imodzi pa mailosi amodzi. Makampani ena anamvera monyinyirika, naika sitima zimenezi m'mbandakuca kapena usiku, kuti munthu wa ndarama asazisirire.

Caciwiri cinali mpikisano. Njanji zitacuruka, kampani ya Midland Railway, imene inali kulimbirana apaulendo ndi makampani ena, inayamba mu 1872 kunyamula a kalasi yacitatu pa sitima zace zonse. Mu 1875 inathetsa kalasi yaciwiri, niika mipando yofewa m'kalasi yacitatu. Makampani ena anadandaula, koma pang'onopang'ono anayamba nao kukonza ngolo zao, poopa kuti apaulendo angawathawe. Lamulo linapatsa wosauka denga, koma mpando wofewa anaupeza pamene makampani anayamba kumlimbirana.

Mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu adzakhala wogula masiku onse a moyo wace. Akaona katundu wochipa ali wosalimba, asafulumire kunena kuti ca mtengo wocepa ndi coipa mwa cibadwa cace. Ayambe wafunsa ngati pali wina wogulitsa katundu yemweyo, pakuti pamene wogulitsa ali yekha, kuipa kwa cinthu kungakhale kocita kupangira. Adziwenso kuti m'Zambia muli lamulo la 2010 losamala za mpikisano pa malonda ndi kuteteza ogula, ndipo wonyengedwa ali nako kokadandaula. Ndipo tsiku lina, iye mwini akadzaima kuseri kwa kauntala m'sitolo imodzi yokha ya pamudzi, adzakumbukire anthu 30 aja amene anabwerera kwao opanda mcere.